Phungu wanuyo anasankhidwa tsiku lija inu munakhala kunyumba

Pali funso limodzi lomwe ndimakonda kufunsa anthu akamadandaula za phungu wawo, ndipo likangofunsidwa macheza amazilala pompo. Munthu amayamba bwinobwino, akuti MP wathu uyu chimusankhireni sitinamuonenso, nambala ya foni anasintha, mlatho uja analonjeza mpaka lero ana akuwoloka mtsinje makope ali pamutu, mjigo unafa chaka chatha amayi akukatunga kudambo limodzi ndi ng'ombe, nde ine ndimangofunsa kuti koma tsiku la pulaimale munali kuti? Yankho lake ndi limodzi kulikonse, kaya ndi mu minibasi kaya pamaliro kaya pa gulupu ya WhatsApp ya akumudzi: "aaa zimenezo nza eni ake achipani, ife timangodikira tsiku lovota."

Koma munthu yemweyo mumufunse kuti ndinu achipani chanji, amachita kudziguguda pachifuwa, akuti ine chipani chimenechi nchamagazi, bambo anga anafera momwemu, nsalu yake mayi akunyumba ali nazo zitatu, tisheti ili mu sutikesi, pa Facebook amatukwanizana ndi anthu usiku wonse kuteteza mtsogoleri wake. Nde eni ake achipaniwo ndi ndani ngati si iyeyu? Ichi ndicho chimandiwawa. Tili ndi anthu mamiliyoni okonda zipani zawo ndi mtima wonse koma pa tsiku limodzi lokha lomwe chikondi chawocho chikanagwira ntchito, sapezeka, ndipo zipanizo zilibe nazo vuto kuti sakupezeka, zinazake zimachita kusangalala nazo.

Tinene zoona zake za dziko lathuli. M'madera ambiri aku Dowa, Ntchisi, Kasungu kapena kumidzi ya Lilongwe, amene wapatsidwa chizindikiro cha tambala wakuda amakhala wayamba kale kununkhira ku Nyumba ya Malamulo. Ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu amene wanyamula chimanga cha DPP ndi chimodzimodzi. Ku Mangochi ndi Machinga kwa zaka zambiri chikasu cha UDF chinali chokwanira. M'malo ngati amenewa chisankho chenicheni si chija cha MEC chokhala ndi inki pachala ndi mabokosi osindikizidwa ayi, chisankho chenicheni ndi chachipulula chija chimachitikira pabwalo la mpira la sukulu ya pulaimale Lachiwiri masana anthu ambiri ali kumunda kapena kuntchito. Tsiku la MEC ambirife timangopita kukasainira zomwe anthu ochepa anamaliza kale miyezi inayi yapitayo.

Taonani masamu ake. Pa chisankho cha pa 16 September 2025 anthu olembetsa anali pafupifupi 7.2 miliyoni, madera a aphungu 229. Mukagawa ndiye kuti dera limodzi lili ndi ovota opitirira 30,000 pang'ono. Koma pa pulaimale amene amaima pamzere ndi nthumwi zochokera m'ma eriya, anthu mazana angapo, pena akachuluka chikwi kapena zikwi ziwiri. Kagulu kameneka ndiye kamasankhira anthu 30,000 aja kuti pa pepala lovotera padzakhale nkhope ya ndani pafupi ndi chizindikiro chomwe iwo amachikonda. Ndipo si kuti aMalawi ndi aulesi kuvota, ayi ndithu, pa zisankho zikuluzikulu timadzuka mbandakucha nkukaima padzuwa, mu 2019 ndi mu 2025 anthu oposa 70 pa 100 alionse olembetsa anakavota. Vuto ndi loti mphamvu zonsezo timazithera pa khomo lomaliza pomwe chakudya chaphikidwa kale.

Ine pulaimale ndinaionera pafupi kamodzi, kwathu, dzina la chipani silofunika chifukwa zonse zimachita zofanana. Azakhali anga anali mu komiti ya amayi ya eriya yathu zaka zoposa khumi, ndi iwo amaphika pa misonkhano, ndi iwo amavina akabwera akuluakulu, ndi iwo amasonkha ufa pakagwa maliro a membala. Tsiku limenelo anavala nsalu yawo m'mawa kwambiri tinayenda wapansi kupita kusukulu komwe anauzidwa. Tafika kuja kuli zii, ana akuphunzira. Cha m'ma 10 koloko mnyamata wa kabaza ndiye akutiuza kuti malo asintha usiku, zikuchitikira kusukulu ina kutsidya kwa mtsinje. Ena anabwerera pomwepo, makamaka okalamba, ife tinapitiriza. Tafika uko tinapeza malole awiri ataima kale atatsitsa anthu, ambiri nkhope zachilendo, anyamata ena maso ali gwa fungo la kachasu, akuimba nyimbo za shado mmodzi.

Kenako anayamba kuitana mayina kuchokera mu kope, eriya ndi eriya. Eriya ya azakhali itaitanidwa, mayina anawerengedwa anali a anthu ena. Anapita kutsogolo mwaulemu, anagwada pang'ono nkunena kuti pepani bambo, komiti ya eriya imeneyi ndife, tcheya wathu ndi awa aima apawa. Bambo anabwera kuchokera kulikulu uja sanawayang'ane nkomwe, anangoti "mayi, ine ndikutsata zomwe zalembedwa umu, madandaulo mukapereke ku ofesi." Ofesi yake iti? Palibe anadziwa. Mashado anaimikidwa atatembenukira kutsogolo, nthumwi nkumafola kumbuyo kwawo, owerenga akudutsa akugwira phewa lililonse, wani, thuu, fili, pasanathe ola limodzi zatha, wopambana wanyamulidwa m'mwamba. Pobwerera azakhali sanayankhule njira yonse, titatsala pang'ono kufika anangoti "mwana wanga, ine zimenezi basi." Ndipo anasiyadi. Chipanicho amachivoterabe mpaka lero koma kumsonkhano wa eriya sapondako.

Ndafotokoza nkhaniyi kuti wina asaganize kuti ndikungonyoza anthu okhala kunyumba. Ambiri amene sapita ku mapulaimale ali ndi zifukwa zomveka. Choyamba ngakhale utapita, ngati si iwe nthumwi sulowa pamzere, umangokhala woonerera. Chachiwiri kavotedwe kofola kumbuyo kwa munthu ndi koopsa kumudzi. Tangoganizani, shado mmodzi ndi mphwake wa amfumu omwe amalemba mayina a makuponi a fetereza ndi a mtukula pakhomo, winayo ndi amene anakugulirani bokosi mwana wanu atamwalira, nde muime kumbuyo kwa wachitatu amene mukuona kuti ndiye ali ndi nzeru, mudzi wonse ukukuonani, ena akujambula pa foni? Mawa mudzapempha moto kwa ndani? Munthu wosauka amawerengera zimenezi, ndipo akasankha kupita kukagwira ganyu m'malo mokadzipalira adani, ine sindingamutche wopusa.

Palinso mbiri yomwe ana obadwa pambuyo pa 1994 saidziwa bwino. Nthawi ya chipani chimodzi khadi ya chipani inali yokakamiza, ayufi amaima pa geti la msika kapena pokwerera basi, wopanda khadi osalowa, amayi oyembekezera amagulitsidwa khadi ya mwana ali m'mimba. Titavota pa riferendamu ya pa 14 June 1993 nkusankha matipate, anthu anadana nayo khadi kotheratu, ndipo zipani zatsopano zinaopa ngakhale kuitchula. Zinali zomveka nthawi imeneyo. Koma zotsatira zake ndi zoti lero zipani zathu sizidziwa mamembala ake ndi ndani, palibe kaundula weniweni woti munthu ungapite kukaona dzina lako, umembala ndi nsalu ndi kuvina basi. Ndipo pamene palibe kaundula, mwini kope ndiye mfumu. Amene wagwira kope la ma eriya atha kubereka ma eriya atsopano khumi usiku umodzi, atha kufafaniza komiti yonse ngati ija ya azakhali, palibe pomwe mungamugwire chifukwa palibe choyerekezera.

Nde mukamva chaka cha chisankho anthu akukangana za "ma eriya enieni" ndi "ma eriya abodza", kapena mawu aja akuti electoral college, kutanthauza gulu la nthumwi zovota pa pulaimale, ali pa wailesi tsiku ndi tsiku, dziwani kuti nkhondo yake ndi imeneyi. Pulaimale siberedwa pa tsiku la pulaimale. Imaberedwa miyezi yambiri m'mbuyo pomwe makomiti a nthambi ndi a eriya akusankhidwa pansi pa mtengo wa mango anthu asanu ndi atatu okha atabwera, shado wanzeru zake atatumiza kale anthu ake ndi ya sopo. Tsiku limenelo inu okonda chipani mpaka imfa munali kuti? Apa ndiye pamene ndikubwerera kwa ife, chifukwa khomo la pa nthambi ndi pa eriya nthawi zambiri silikhala lotseka, limangokhala lopanda anthu.

Ndikudziwa yankho lomwe ambiri muli nalo, ndalimva kambirimbiri: "asiyeni aike munthu wawoyo, ife tidzawaonetsa pa tsiku lovota, tidzavotera woima payekha." Ndipo zoona aMalawi izi amachitadi, sindingakane. Mu 2014 oima pawokha anapambana mipando 52 pa mipando 193, kuposa chipani china chilichonse, DPP inali ndi 51, MCP 48. Mu 2019 anapambana 55, kufanana ndi MCP, DPP ili ndi 62. Mu 2025 namonso anabwera ochuluka zedi. Ambiri mwa amenewa si anthu opanda chipani ayi, ndi omwe aja anagwetsedwa kapena kuponderezedwa pa pulaimale nkunena kuti anthu andiuza kuti ndiime ndekha. Chaka cha 2025 chomwechi tinaona nkhani ya pulaimale ya MCP ku Mzimba Central ikufika mpaka kukhothi, ndipo wodandaula anali a Vitumbiko Mumba, nduna ya boma panthawiyo, omwe anadzakhalanso womutsatira wa a Lazarus Chakwera pa mpikisano wa upulezidenti. Ngati munthu wa msinkhu umenewo akuchita kuthamangira kwa oweruza pa nkhani ya pulaimale ya chipani chake chomwe, nanga mphunzitsi wopuma ntchito wa kumudzi amene alibe ndalama ya loya angatani?

Chiwerengero cha oima pawokhachi ena amachitenga ngati umboni woti demokalase yathu ili bwino, anthu amakonza okha zolakwika. Ine ndimachiona mwina. Kwa ine chikusonyeza kuti pa mipando inayi iliyonse, umodzi ndi kupitirira, zipani zinalephera kumva zomwe anthu awo omwe amafuna. Ndipo mankhwala a woima payekhawa ali ndi mavuto ake. Amene amatha kuima payekha atagwa pa pulaimale ndi amene ali ndi ndalama zoyendetsera kampeni yachiwiri kuchokera m'thumba mwake, nde sefa yake ndi yomweyo ya ndalama, munthu wabwino koma wosauka akagwa pa pulaimale wagweratu. Komanso mavoti a chipani amagawanika, m'dera limodzi mashado atatu a chipani chimodzi onse aima, ndipo poti phungu amapambana ndi mavoti ochuluka chabe, osati 50+1 ngati pulezidenti, mumapezeka mwapatsa mpando munthu amene anthu ambiri m'deralo sanamufune. Kenako woima payekha uja akangolumbira, sabata siitha, wayamba kale kunena kuti anthu akwathu andiuza kuti ndigwire ntchito ndi boma. Anakuuzani liti, pa msonkhano uti? Section 65 timaimva ija, yochotsa phungu wosintha chipani, simugwira. Section 64 yomwe inkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu asanathe nthawi yake aphungu anaichotsa kalekale mu 1995. Ndiye kuti mukalakwitsa pa chipulula mwalakwitsa zaka zisanu, madzi akatayika saoleka.

Chinthu china chomwe anthu okhala kunyumba sachiona ndi choti kusapezeka kwawoko ndi kumene kumatsitsa mtengo wa mpando. Kugula anthu 30,000 nkovuta, olo utakhala ndi ndalama bwanji. Koma kugula nthumwi 600 ndi nkhani ya masiku awiri, nsalu imodzi imodzi, kangachepe mu envelopu, thiransipoti, fanta ndi banzi, usiku wa pulaimale ena amachita kuwasonkhanitsa malo amodzi kuwagoneka komweko kuti mnzawo asawapeze. Nthumwizo nazonso zinaphunzira, zimadya kwa mashado onse, zimati ino ndi nyengo yathu yokolola chifukwa akapita ku Lilongwe sitidzamuonanso. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa mahandauti, ndipo kuyambira 2024 tili ndi mlembi wa zipani, a Kizito Tenthani, koma tinene chilungamo, maso a dziko lonse amakhala pa kampeni ya chisankho chachikulu, za usiku wa pulaimale kumudzi amaziona ndani? Atolankhani amafika pomwe pachitika ndewu basi.

Ndipo phungu amene wadutsa njira imeneyi amadziwa bwino amene ali naye ngongole. Si inu. Ndi anthu 600 aja, ndi tcheya kapena gavanala wa dera amene anagwira kope, ndi bwana wa kulikulu amene anatumiza woyendetsa chisankho womvera. Nde musadabwe kuti zitukuko za CDF, thumba la chitukuko cha dera, zikugwera kumudzi kwa atcheya, kontirakiti yomanga buloko ya sukulu yapita kwa mlamu wa kampeni dayirekita, buloko yake mvula yoyamba denga lasasuka. Thumba limeneli linayamba laling'ono mu 2006, linafika pa K200 miliyoni pa dera, ndipo pa kampeni ya 2025 tinamva malonjezo a K5 biliyoni pa dera lililonse pachaka. Kaya ndalamazo aziyendetsa aphungu kaya makhonsolo, dziwani kuti makhansala nawonso amadutsa pa chipulula chomwechi, ndipo chawocho ndiye anthu sachilabadira nkomwe. Pamene ndalama zikukula chonchi, mpando wa khansala ndi wa phungu ukusanduka bizinesi yeniyeni, ndipo ife tikusiyira anthu ochepa ogulika kuti atisankhire ogwira thumbalo.

Amene amapwetekeka kwambiri ndi amayi ndi achinyamata ofuna kupikisana. Timaimba 50:50 chaka chilichonse cha chisankho, mabungwe amasindikiza matisheti, koma mu 2014 amayi anapambana mipando 32 yokha pa 193. Amayi ambiri sagwera pa tsiku la MEC, amagwera pa pulaimale, pomwe anyamata oledzera akuwaimba nyimbo zolaula, pomwe malo asinthidwa usiku iwo osauzidwa, pomwe akuuzidwa kuti "mayi dikirani kaye ulendo uno tisiyireni abwanawa." Chonsecho amene amadzaza misonkhano, ovina, ophika, oyenda khomo ndi khomo ndi amayi. Akanakhala kuti amayi onse aja amavala nsalu za chipani ali ndi voti pa pulaimale, yachinsinsi, ndikukhulupirira Nyumba ya Malamulo ikanaoneka mosiyana ndi mmene ilili.

Nde chofunika nchiyani? Ku zipani ndikupempha zinthu zosavuta kumvetsa. Lembani mamembala anu mu kaundula, mwaufulu, wosafuna asalembetse, palibe akufuna kubwerera ku makhadi okakamiza. Pafupifupi aliyense wamkulu ali ndi chiphaso cha unzika kuchokera pomwe NRB inalemba anthu mu 2017, foni zili m'midzi yonse, anthu akutumizirana ndalama pa Mpamba ndi Airtel Money tsiku ndi tsiku, nde musatiuze kuti kulemba mamembala nkosatheka. Kaundulayo atsekedwe miyezi ingapo pulaimale isanachitike, amatidwe poyera pa dera kuti aliyense akaone dzina lake, tsiku ndi malo zilengezedwe pa wailesi ndipo zisasinthe usiku, membala aliyense avote osati nthumwi zokha, ndipo avote mwachinsinsi pa pepala. Zofola kumbuyo kwa munthu zithe. Ngati pa konvenshoni posankha pulezidenti wa chipani mumatha kuvota pa pepala m'kachipinda, chikuletsani nchiyani kuchita zomwezo kumudzi?

Akuluakulu achipani amayankha kuti mukatsegula chonchi adani adzalowerera, a chipani china adzabwera kudzavotera shado wofooka kuti adzamugonjetse mosavuta. Nkhawa imeneyi ndi yoona, sindikuipeputsa. Koma taonani, malole aja ndinaona ine anabwera ndi anthu achilendo pa dongosolo lomweli la nthumwi lomwe akuti ndi lotetezeka. Kulowerera kukuchitika kale, kusiyana kwake nkoti pano amene akulowetsa alendo ndi mwini kope. Kaundula wotsekedwa nthawi yabwino ndiye amene angachepetse zimenezi, chifukwa kuti mdani alembetse anthu zikwi miyezi isanu ndi umodzi pasadakhale m'mudzi momwe aliyense amadziwa mnzake, si zophweka. Amanenanso kuti ndi zodula. Inde ndi zodula, koma mashado amalipira ndalama zambiri kuti apikisane nawo, zimapita kuti? Nanga ndalama zomwe zimathera kwa maloya pa ziletso za kukhothi, nanga mipando yomwe chipani chimataya kwa oima pawokha, zimenezo nzotchipa?

Ndipo asamatiuze kuti izi ndi za m'nyumba mwawo, akunja zisatikhudze. Malamulo aakulu a dziko lino pa Section 40 amati chipani chomwe chapeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi a dziko lonse chizilandira ndalama za boma. Ndalama zimenezo ndi msonkho wathu, wa pa sopo, pa shuga, pa mayunitsi. Bungwe lodya msonkho wa anthu komanso lotisankhira opanga malamulo silinganene kuti mmene limasankhira anthu ake ndi chinsinsi cha pabanja. Ofesi ya mlembi wa zipani ikuyenera kupatsidwa mano pa nkhani imeneyi, kuti chipani chomwe chaphwanya malamulo ake omwe pa pulaimale chiziyankha.

Koma ndisanamize munthu, zipani sizidzasintha zokha. Amene ali pamwamba anakwera ndi makwerero omwewa, sangawathyole. Aphungu amene alipo dongosolo la nthumwi limawakomera chifukwa ali ndi zaka zisanu zodyetsa makomiti. Chingasinthe zinthu ndi chakuti anthu wamba okonda chipani achuluke mkati mwakemo mpaka mwini kope achite mantha. Ndipo apa ndikulankhula makamaka kwa ife a m'tauni, ophunzira, aphunzitsi, anamwino, ogulitsa mu Limbe ndi mu Area 2, anyamata omaliza ku koleji amene mukukhala kwa makolo ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi, komanso inu muli ku Joni ndi ku UK amene mumatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi ndipo mawu anu kumudziko amamveka. Ifeyo ndiye timadziwa kulemba ndemanga zazitali pa Facebook, timadziwa dzina la nduna iliyonse ndi zolakwa zake, koma funsani kuti tcheya wa eriya ya chipani chanu komwe mukukhala ndi ndani, zii. Timaona ngati misonkhano ya pansi pa mtengo ndi ya anthu osaphunzira, ya amayi ovina ndi anyamata a molalo. Nde anthu amene timawaderera aja ndi amene amatisankhira phungu, ife nkumadzalira pa intaneti zaka zisanu.

Ena amati ndale nzauve, munthu wopemphera kapena waulemu wake asayandikeko. Ndikumva. Koma uvewo ukuchuluka chifukwa aukhondo anathawa. Ogwira ntchito m'boma ali ndi malamulo owaletsa kukhala m'maudindo a chipani, amenewo ndikuwamvetsa, koma ambirife palibe chotiletsa kupatula manyazi ndi kunyada. Sindikunena kuti aliyense akhale shado ayi. Ndikunena zazing'ono, kudziwa kuti nthambi yanu imakumana liti, kupezekapo posankha komiti, kufunsa kuti mayina a nthumwi za eriya yathu ndi ati ndipo tiwaone, kujambula kope lija pa foni lisanasinthidwe usiku, kuperekeza mayi amene akupikisana kuti asaime yekha pakati pa anyamata olusa. Pa tsiku lija kukanakhala anthu makumi asanu a eriya yathu ataima pambuyo pa azakhali nkunena kuti ayi bambo, komiti yathu ndi iyi, bambo wa kulikulu uja sakanangoyang'ana kumbali. Anatha kutero chifukwa anaona mayi mmodzi wokalamba ndi tcheya wake ndi ine, basi.

Ndikudziwa kuti pena mudzapita nkuberedwabe. Zidzachitika ndithu, ndipo zimawawa, ndinaona nkhope ya azakhali. Koma kuba pamaso pa anthu ambiri odziwa malamulo a chipani chawo nkovuta kusiyana ndi kuba pabwalo lopanda anthu, ndipo chipani chikaona kuti m'dera muno anthu ali maso chimaganiza kawiri chisanatumize munthu wake, chifukwa chikudziwa kuti mpando chiutaya. M'mene zililimu amaika munthu mosaopa chifukwa akudziwa kuti ambirife tidzangoona chizindikiro nkuchonga.

Chisankho china chachikulu chili mu 2030, ndipo ambiri adzayamba kuganiza za mapulaimale chaka chomwecho zinthu zitapsa kale. Koma mashado ayamba kale, pitani pamaliro alionse kumudzi muone amene akubweretsa bokosi ndi thumba la ufa, muone amene wayambitsa bonanza ya mpira, akudziwa kuti makomiti amangidwa panopa. Mwezi wathawu ndinapita kumudzi ndinakhala pakhonde ndi azakhali, ndinawafunsa ngati eriya yathu imakumanabe. Anati imakumana, pa mtengo womwe uja, koma anthu ake sakwana khumi. Ndinawapempha kuti ulendo wotsatira tipitire limodzi, anakhala chete nthawi yaitali akusola nandolo, kenako anati "ukabwera ndi anzako ndipita, koma ndekha ayi." Ndauza kale asuweni anga awiri ndi aphunzitsi ena opuma a m'mudzimo, ndipo pa gulupu ya akumudzi ija ndalemba tsiku lake.